Telala wina wa pa Mangochi Boma ndi matumba amene anandisokera

Foni yanga inagwa kuchokera m'thumba la thalauza ndili pa kabaza, titangotsika mlatho wa Bakili Muluzi n'kumayandikira chipilala cha wotchi, ndipo mmene mnyamata wopalasa njinga uja ankaima kuti ndikaitole n'kuti galasi lake litasweka kale. Thalauzalo linali la pa kaunjika, looneka bwino ndithu munthu ukaimirira, koma thumba lake linali lalifupi kwambiri moti ndikakhala pansi kapena kupinda mwendo, chilichonse chimene chinali m'katimo chinkayamba ulendo wotuluka. Ndinali nditataya kale makiyi ndi ndalama m'njira yomweyi, osaphunzirapo kanthu. Madzulo a tsiku limenelo mayi akunyumba anandiuza mosapita m'mbali kuti ndisiye kugula zovala zosokedwera anthu ena, ndipite kwa telala akandiyeze, ndipo zimene ndikulemba panozi ndi zimene ndinapeza kwa mmisiri amene anzanga akuntchito anandilozera.

Malo awo ali pakhonde la sitolo ina kufupi ndi msika waukulu wa pa Boma. Pakhondepo pali makina opalasa ndi mapazi, a Singer akale ndi ena a Butterfly, ndipo m'kachipinda kam'kati muli makina a ovaloko oyendera magetsi, tebulo lodulirapo nsalu, komanso nsimbi ya makala imene imalowa pantchito masiku amene magetsi athima. Mwini malowo ndi bambo wachikulire amene, monga abambo ambiri a m'boma lino, anakhalako ku Joni zaka zingapo akusoka m'fakitale ya zovala asanabwerere kwawo, ndipo amathandizidwa ndi anyamata awiri ophunzira ntchito. Dzina lawo sinditchula, chifukwa pamodzi ndi zabwino zambiri ndinenanso zolakwika zingapo, ndipo sindikufuna kuti bambo amene anandilandira mwaulemu adzamve dzina lawo likuyenda pa intaneti chifukwa cha diresi limodzi. Ndinawapatsa ntchito ya zovala zinayi, mathalauza awiri, jekete imodzi ndi diresi la mayi akunyumba, ndipo nsalu ya pamwamba ndinagula ndekha.

Matelala onse amene ndinapitako m'mbuyomu ankayamba ndi kundikulunga tepi m'chiuno. Awa anayamba ndi kundipempha kuti nditulutse zonse zimene ndimayenda nazo tsiku ndi tsiku. "Aphunzitsi, ikani zonse patebulopa, musachite manyazi," anatero. Ndinatulutsa foni yosweka ija, makiyi atatu omangidwa pa kachingwe, mpango wopukutira thukuta, chitupa cha unzika, zolembera ziwiri, tizidutswa ta choko ndi ndalama zokhwinyata. Iwo anatenga tepi n'kuyeza foniyo m'litali ndi m'lifupi, kenako anandiyeza dzanja kuchokera pamene wotchi imakhala mpaka kunsonga kwa chala chapakati. Anandikhazika pampando n'kundiuza kuti ndipinde mwendo monga ndimachitira pa kabaza, ndipo anaika chizindikiro cha choko pantchafu, pamene thumba liyenera kuthera. Atamaliza zonsezi m'pamene anakumbukira za chiuno ndi kutalika kwa mwendo. Apa ndinadziwa kuti ndafika kwa munthu amene analiganizirapo kale vuto langa ndisanabwere nalo.

Tikucheza ndinazindikira kuti bambowa akamanena za thumba la chovala amagwiritsa ntchito liwu la Chingerezi lakuti pocket, pamene thumba la zidutswa za nsalu limene linali pakona ankangolitchula kuti thumba. Ine ndaphunzitsa Chingerezi kusekondale kwa zaka zoposa 20, choncho khutu langa silichedwa kugwira zoterezi, ndipo ndinawafunsa chifukwa chake. M'malo moyankha anandisimbira zimene zinawachitikira atangofika ku Johannesburg. Mayi wina woyandikana nawo nyumba anawatuma kuti akagule "a pocket of potatoes", ndipo iwo anayenda njira yonse akudabwa kuti banja lathunthu lingakhute bwanji ndi mbatatesi yokwana m'thumba la malaya. Atafika kumsika anasenzetsedwa thumba lenileni la makilogalamu 10. Anthu a ku South Africa amalankhuladi choncho ponena za mbatatesi, anyezi, malalanje, ngakhalenso simenti.

Nkhani imeneyi inandichititsa manyazi pang'ono, chifukwa kwa zaka zambiri ndakhala ndikudula ndi cholembera chofiira ana asukulu amene alemba kuti "a pocket of maize". Pokonzekera mayeso ndidzapitiriza kuwadula, popeza Chingerezi chimene amayesedwa nacho chimafuna bag kapena sack pamenepo, koma mbiri ya liwuli ili kumbali ya anawo. Linalowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1300 kuchokera ku Chifalansa cha anthu a ku Normandy, ndipo muzu wake ndi poke, kutanthauza thumba. Kachidutswa kakumapeto kaja, -et, kamachepetsa chinthu monga mmene ka- amachitira kwa ife, kotero kuti pocket kwenikweni ndi kathumba. Poyamba kanali kathumba kapadera, konyamula m'manja kapena komanga m'chiuno, ndipo zosokerera kathumbako ku chovala zinabwera pambuyo pake. Ngakhale ku England komweko, alimi a mbewu ya hops, imene amaika mu mowa, amatchula pocket thumba lalikulu limene amalongedzeramo mbewuyo ikauma. Mwana wathu amene amasokoneza mawuwa sachita mwaumbuli, koma amangotengera Chichewa, mmene liwu limodzi lakuti thumba limanyamula chimanga, feteleza, simenti, makiyi a m'thalauza, mpaka ndalama za chitukuko cha m'dera la phungu, zinthu zimene Chingerezi chimazigawa m'mawu anayi kapena asanu.

Pa zovala zonse zinayi, mathalauza ndiwo anandikhutiritsa kwambiri. Matumba am'mbali ndi akuya mainchesi 11, pamene a thalauza la pa kaunjika lija nditawayeza ndinapeza 7 basi. Koma bambowa anandionetsa kuti kuya kokha sikusunga katundu. Pakamwa pa thumba pakadulidwa mopendekera kwambiri, munthu akakhala pansi pamayasama, choncho iwo anapadula mopendekera pang'ono chabe, ndipo thumba lenilenilo analisoka mokhotera kutsogolo kwa ntchafu kuti foni izigona pamwamba pa mwendo m'malo molendewera chakumbali. Nsalu ya m'kati, imene matelala ambiri amaderera chifukwa siioneka, anaika ya thonje yokhuthala, osati yopyapyala yoterera ija imene kiyi amaiboola m'miyezi iwiri. Pansi pa thumba anasoka kawiri n'kupinda msoko kuti ulusi usamatuluke, ndipo m'makona onse a pakamwa, pamene dzanja limakoka tsiku ndi tsiku, anabwereza ulusi kangapo mpaka panakhala kamfundo kolimba. Ndatembenuza mathalauzawo kunja kukhala m'kati kangapo, mwina kuposa mmene munthu wanzeru zake angachitire, ndipo sindinapeze ulusi wolendewera.

Makona amenewa ali ndi mbiri yawo, ndipo ndinawasimbira bambowa pobwezera nkhani yawo ya mbatatesi. Telala wina wa mumzinda wa Reno ku Nevada, dzina lake Jacob Davis, ankavutika ndi makasitomala ogwira ntchito zolemetsa amene matumba awo ankang'ambikira pamakona pomwepa, ndipo anaganiza zokhomerapo timisomali tamkuwa. Pa 20 May 1873, iye pamodzi ndi Levi Strauss wa ku San Francisco, amene ankamugulitsa nsalu, analandira chiphaso cha boma la America choteteza luso limeneli, ndipo timisomali timene timaona pa jinzi lero tinachokera pamenepo. Kathumba kakang'ono kaja kamene kamakhala m'kati mwa thumba lakumanja la jinzi kanali ka wotchi ya m'thumba, imene Angerezi amaitcha pocket watch, ndipo kakusokedwabe mpaka lero ngakhale kuti mawotchi oterowo anthu anasiya kalekale kuyenda nawo. Bambo aja anaseka kwambiri atamva kuti woyambitsa zimenezi anali telala mnzawo. "Ndiye kuti dzina linatchuka ndi la mwini nsalu, aphunzitsi, wosoka n'kuiwalika," anatero, uku akulowetsa ulusi pasingano osayang'anapo n'komwe.

Chinthu chimene sindinapemphe koma anandiikira mwa iwo okha ndi kathumba kobisika m'kati mwa chiuno cha thalauza, kotseka ndi zipi yaing'ono, kokwana chitupa ndi ndalama zopinda kawiri. Anati amasokera aliyense amene amakwera minibasi, chifukwa opisa m'matumba amakonda thumba lakumbuyo, makamaka pamene anthu akukankhana pakhomo la galimoto kudepoti kapena m'tinjira topanikiza ta mumsika. Mngerezi amamutcha munthu wotere pickpocket, ndipo liwuli ndi limodzi mwa amene ana asukulu saiwala, mwina chifukwa chithunzi chake n'chofanana ndi chathu, cha zala ziwiri zolowa mwakachetechete pamalo pamene siziyenera kulowa. Kathumbaka kali ndi vuto limodzi lokha, lakuti kutulutsamo ndalama pagulu kumaoneka ngati munthu akufuna kumasula lamba, choncho ndaphunzira kusunga za kondakitala m'thumba lam'mbali.

Pa khonde limeneli m'pamene ndinaona bwino mmene kuchepa mphamvu kwa kwacha kwasinthira ntchito ya telala. Ndalama ya pepala ya K5,000 inayamba kugwira ntchito mu 2022, ndipo mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Munthu wopita kugombe kukapikula usipa kapena utaka masiku ano amanyamula mpukutu wonenepa kuposa kale kuti agule nsomba zochuluka chimodzimodzi, ndipo si asodzi onse amene amalola kulipidwa pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Bambowa amasokera amayi a geni ya nsomba matumba omanga m'chiuno, a zigawo ziwiri, china cha ndalama zikuluzikulu ndi china cha chenji, ovala m'kati mwa chitenje. Ndinaona atatu atapachikidwa pamsomali akudikira eni ake, ndipo kasokedwe kake kanali kolimba ngati ka mathalauza anga.

Thumba ndi ndalama zakhala zikuyendera limodzi m'zilankhulo zonse ziwiri, moti pa mbali imeneyi mphunzitsi savutika kwambiri. Ife timati munthu wapisa m'thumba tikatanthauza kuti walipira, timati m'thumba mwauma kapena thumba labooka zinthu zikavuta, ndipo tikamva kuti mkulu wina ali m'thumba mwa uje timadziwa kuti anagulidwa. Mngerezi nayenso amati munthu ali "in someone's pocket" pa tanthauzo lomwelo, amati munthu wachuma ali ndi "deep pockets", ndipo wakuba ndalama za gulu amati "he pocketed the money", liwu lija litasanduka mneni. Pocket money ndiye aliyense amene anatumizapo mwana kusukulu yogonera konko amaidziwa, ndipo m'nyumba zambiri imatchulidwa m'Chingerezi momwemo ngakhale ndi agogo amene sanapondeko m'kalasi. Mawu amene amasokoneza ana ndi akuti "out of pocket". Ambiri amaganiza kuti akunena za chinthu chimene chagwa m'thumba, monga foni yanga ija, pamene tanthauzo lake ndi lakuti munthu walipira ndi ndalama zake zimene mwina sadzabwezeredwa, kapena kuti waluza pa malonda. Pa nkhani ya foni ija, ine zinandichitikira zonse ziwiri.

Diresi ndi limene linabweretsa mkangano. Mayi akunyumba ananena momveka bwino, ine ndili pomwepo, kuti akufuna matumba awiri am'mbali okwana foni ndi makiyi, chifukwa atopa ndi kunyamula kachikwama kulikonse kumene akupita. Tsiku lokatenga tinapeza kuti diresilo lili ndi timizere tiwiri tosokedwa bwino m'chiuno, tooneka ngati pakamwa pa matumba, koma dzanja likafuna kulowa linkakumana ndi msoko. Ntchitoyo inali itapatsidwa kwa mmodzi wa anyamata aja, ndipo iye, atafunsidwa, anayankha mosachita manyazi kuti matumba enieni amawononga maonekedwe a diresi, ndiponso kuti amayi amamanga ndalama pansonga ya chitenje. Mayi akunyumba sanakweze mawu. Anangomufunsa kuti, "Achimwene, foniyi ndiimange pansonga ya chitenje?" Mnyamatayo anayang'ana pansi, ndipo bambo aja, amene anali asanalione diresilo chiperekereni, anapepesa kwa nthawi yaitali, choyamba kwa mayiwo kenako kwa ine.

Maganizo a mnyamata uja si ake yekha, ndipo si a kuno kokha. Ku England, m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700, amuna anali kale ndi matumba osokerera ku zovala zawo, pamene amayi ankamanga matumba apadera m'chiuno, m'kati mwa masiketi, n'kumapisamo kudzera pa mpata wosiyidwa mumsoko wam'mbali, ndendende monga amayi a nsomba aja akuchitira lero. Mpaka pano zovala zambiri za amayi zochokera kunja zimene timagula pa kaunjika zimakhala ndi matumba ang'onoang'ono kapena abodza. Kuno kwathu kunawonjezeka lamulo la kavalidwe la mu 1973, limene linaletsa amayi kuvala mathalauza kwa zaka pafupifupi 20, kotero kuti chovala chokhala ndi matumba odalirika chinali cha abambo okha. Zimenezi zimafotokoza kumene mnyamata uja anatengera maganizo ake, koma sizimuchotsera mlandu wonyalanyaza zimene kasitomala wanena, ndipo mlandu wina ndimauika pa bambo aja chifukwa cholola chovala kufika patsiku lotengedwa asanachiyang'ane.

Anachikonza popanda kulipiritsa, ndipo nthawi yachiwiriyi anasoka okha. Matumbawo tsopano ndi akuya bwino, ndipo anawabisa mumsoko wam'mbali mwaluso moti diresi silinatupe m'chiuno, zimene zinatsutsa mnyamata uja pamaso pake. Komabe, popeza nsalu ya diresiyo inali itatha, anaika nsalu ya m'kati ya mtundu wosiyana pang'ono, ndipo mayiwo akapisa dzanja kamzere koyera kamaonekera pakamwa pa thumba lakumanzere. Ndi chinthu chaching'ono, koma mwini diresi amachiona nthawi iliyonse akavala, ndipo chikanapewedwa ntchito ikanagwiridwa bwino poyamba.

Za jekete ndinena mwachidule, chifukwa ili pakati. Mapewa anakhala bwino, ndipo thumba lam'kati analisoka molingana ndi kabuku kanga komasulira mawu a Chingerezi, kamtundu uja amautcha pocket dictionary, kamene ndinapita nako kuti akayeze. Pamenepa liwuli likugwira ntchito ina, yofotokoza chinthu chimene chachepetsedwa kuti chikwane m'thumba, monga mmene zilili ndi pocket knife kapena pocket calculator, ngakhale kuti zinthu zambiri zogulitsidwa ndi dzina limeneli sizikwana m'thumba la chovala chilichonse chimene ndinavalapo. Kabuku kanga kanakwana, ndipo jekete siipendekera mbali imodzi chifukwa anaikamo kansalu kolimbitsa kuchokera pathumbapo kufika paphewa. Chimene chinalakwika n'chakuti zotsekera za matumba awiri akunja sizinalingane, chakumanja chili m'munsi ndi theka la inchesi, ndipo nsalu ya m'kati mwa jekete yonse ndi yosalowa mphepo. M'nyengo yozizira ya June ndi July ndinaivala bwinobwino, koma kutentha kwa October kwa kuno ku Mangochi sikulola munthu kukhala m'jekete yotere kupitirira nthawi ya mapemphero. Akanandifunsa za nsalu ya m'kati monga anandifunsira za foni, ndikanasankha yopepuka.

Vuto lalikulu pamalowa ndi nthawi. Anandilonjeza mlungu umodzi, koma zovala zomaliza ndinatenga patapita milungu itatu ndi masiku awiri, nditapondapo kasanu. Mbali ina ndi ine ndinalakwa, chifukwa ndinapereka ntchito kutatsala pang'ono kuti mwezi wa Ramadan uthe, nthawi imene telala aliyense wa m'boma lino amakhala atakwiririka ndi mikanjo, madiresi ndi zovala za ana zokavala pa Eid. Kuthima kwa magetsi kunaimitsanso makina a ovaloko masiku angapo. Zonsezi n'zomveka, koma bambowa ankazidziwa tsiku limene ankalandira theka la malipiro, ndipo akanangonena kuti milungu itatu ndikanavomera osadandaula. Anali ndi nambala yanga ya foni koma sanaimbepo n'kamodzi komwe, ndipo ulendo uliwonse wopita pachabe unali ndi mtengo wake wa kabaza.

Pa maulendo amenewa ndinkakhala pabenchi kudikira kuti mwina andimalizira pomwepo, ndikuonerera anyamata akusewera pool pashedi yoyandikana nayo ndi akuluakulu akusewera bawo pansi pa mtengo. Mabowo 6 a tebulo la pool nawonso ndi ma pocket pa Chingerezi, chifukwa pansi pake pamakhala timatumba tolandira mpira, pamene maenje 32 a bawo palibe amene anaganizapo zowatcha matumba. Liwuli linapitirira pamenepo mpaka kutanthauza kadera kalikonse kakang'ono kosiyana ndi malo okazungulira. Ndege ikatsika mwadzidzidzi m'mlengalenga okwera amati yalowa mu air pocket, ndipo nyuzipepala zathu za Chingerezi zimakonda kulemba za "pockets of hunger" kapena "pockets of violence" ponena za madera ochepa apa ndi apo kumene kuli njala kapena zipolowe. Pamenepa Chichewa chimasiyana nacho Chingerezi kotheratu, ndipo mwana amene angamasulire kuti matumba a njala amaseketsa kalasi yonse.

Mitengo yawo ndi yapakati. Ndinalipira K15,000 pa thalauza lililonse, K45,000 pa jekete ndi K20,000 pa diresi, nsalu ya pamwamba ili yanga, koma nsalu ya m'kati, zipi ndi mabatani zili zawo. Mitengo imeneyi iyenera kuti yasintha kale monga mmene zinthu zonse zikusinthira, choncho munthu afunse yekha asanapereke nsalu. Pa makonde ena a pa Boma pano thalauza amasoka motsikirapo, ndipo pa kaunjika ndalama yomweyo ingagule thalauza lathunthu losafuna nsalu, koma kukonzetsa galasi la foni ija kunandidyera ndalama zoposa zimene ndinalipira posoketsa thalauza limodzi. Kwa abambo ofuna mathalauza ovala kuntchito, kwa amayi a geni ofuna matumba a m'chiuno, ndi kwa aliyense amene amayenda pa kabaza tsiku ndi tsiku, malowa ndingawalozere popanda kukayika. Wofuna diresi aumirire kuti mwini malo asoke okha, ndipo apemphe kuliona lisanamalizidwe. Wofuna jekete asankhe yekha nsalu ya m'kati, ndipo aliyense apewe milungu yoyandikira Eid, Khirisimasi ndi kutsegulira kwa sukulu, pamene mayunifolomu amadzaza tebulo lonse.

Mathalauza aja ndawavala miyezi isanu ndi umodzi tsopano, mosinthanitsa, ndipo achapidwa ndi manja pafupifupi mlungu uliwonse. Timfundo ta m'makona sitinamasuke, kiyi sanaboole pansi pa thumba, ndipo zipi ya kathumba kobisika inangofuna kupakidwa kandulo kamodzi itayamba kulimba. Mlungu wathawu ndinabwererako ndi mathalauza atatu akale a pa kaunjika kuti akawadule matumba n'kuikamo ena akuya, ntchito imene amalipiritsa K3,000 pa thalauza. Ndinapeza mnyamata wa diresi uja akuyeza foni ya mayi wina ndi tepi, choko chili kukhutu. Bambo aja anandilonjeza kuti zikhala zitatha Lachinayi, ndipo ine ndakonza zokatenga Lachinayi la mlungu wotsatirawo.